Tsiku Limene Mtsinje Unasowa

Mvula inali itagwa sabata yonse osapumira, ndipo m'mawa wa tsikulo dzuwa linatuluka mwamanyazi ngati munthu wodzapepesa. Nabatani anatsegula mawindo a chipinda choyang'anira makina, anayanika juzi yake pachitseko, n'kukhala pansi ndi kapu ya tiyi.

Dzina loti Nabatani anamupatsa ndi anthu a m'deralo. Ankati mayi ameneyu sagwira ntchito, amangokhala n'kumadina mabatani. Iye sankakana, chifukwa ntchito yake inalidi yoyang'ana. Kumtunda, mtsinje unatchingidwa ndi khoma la simenti lolekeza m'khosi mwa munthu. Pambali pa khomalo panali geti lachitsulo lolowetsa madzi m'ngalande. Ngalandeyo inkakhotakhota m'mbali mwa phiri mpaka kukafika pathanki, ndipo kuchokera pamenepo chipaipi chachikulu chinkatsetsereka kudzalowa m'nyumba ya makina, imene inali m'mphepete mwa mtsinje womwewo kumunsi. Madzi ankazunguza gudumu, gudumu n'kuzunguza jenereta, magetsi n'kumapita kuchipatala, kusukulu, kuzigayo ndi m'nyumba za anthu. Zonsezi Nabatani ankaziona pa sikirini ya kompyuta: madzi afika pati pakhoma, afika pati pathanki, gudumu likuthamanga bwanji, jenereta yatentha kapena ayi. Madzi akachepa, makina ankadzichepetsa okha mphamvu. Zikavutitsitsa ankazima okha, alamu n'kulira.

Kukhoma kuja kunkagwira ntchito amuna a achemwali ake. Aliyense ankawatchula kuti a Chipeso, chifukwa tsiku lonse ankapesa zinyalala ndi reki yaitali pa chisefa chazitsulo chimene chinali kutsogolo kwa geti. Awiriwa ankalankhulana pa wailesi yam'manja, ija ya ovaova, ndipo anali ndi nthabwala imodzi imene sinkatha fasho. Nabatani akati, "Alamu, kuno alamu yalira," a Chipeso ankayankha kuti, "Bodza limenelo, alamu anu ndili phee, sindinalire."

Dzuwa litakwera ndithu, kulira kwa jenereta kunasintha. Nabatani anamva ndi mapazi asanaone ndi maso, chifukwa simenti ya m'chipindamo inkanjenjemera nthawi zonse makina akamayenda, ndipo tsopano kunjenjemerako kunali kufooka. Anayang'ana pa sikirini. Mzere wabuluu wa madzi a pathanki, umene sabata yonse unali pamwamba penipeni, unali kutsika ngati munthu woterereka pamatope. Alamu inayamba kulira.

Anatenga wailesi. "Alamu, mukundimva? Kuno alamu yalira."

Nthabwala ija sinabwere. Wailesi inangoti tsetsetse, kenaka mawu a a Chipeso anamveka, owuma ngati a munthu wina.

"Mlamu, ndimati ndikuitaneni. Mtsinje wachoka."

"Wachoka kupita kuti? Tapesani chisefacho, chatsekeka ndi zinyalala za mvulayi."

"Chisefa chili mbee, ndikuchiona mpaka pansi. Ndikuti madzi kulibe, mlamu. Ndaima pano ndikuona miyala imene chibadwire sindinaionepo."

Asanayankhe, m'holo ya makina munamveka kuti gu! Makina anali atadzizimitsa. Gudumu linazungulirabe pang'ono, likulira ngati lotopa, kenaka zii. Nabatani anamva mbalame kunja. Anamva dontho likugwa kuchokera padenga. Chimene sanamve ndi mtsinje, umene phokoso lake linali lisanalekepo chiyambire ntchito pamalopo. Anapita pawindo. Pansipo panali matope onyezimira ndi tizithaphwi, basi.

Anabwerera pakompyuta, imene inkayendabe ndi mabatire, n'kutsegula kamera ya kukhoma. Khoma lonse linali poyera mpaka kumaziko, lakuda ndi ndere. A Chipeso anali ataima pamwamba pake, reki ili m'manja, osasuntha ngati chithunzi.

Anayimbira injiniya wamkulu, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, amene ankakhala ku ofesi ya mtauni. Kumeneko ankaona pa kompyuta yake zonse zimene Nabatani ankaona, pamodzi ndi za timalo tina ta magetsi ta m'mitsinje ina.

"Ndaona kuti mwazima," anatero injiniyayo. "Choyezera madzi cha pathanki chafa kapena?"

"Bwana, tsegulani kamera ya kukhoma."

Kenaka Nabatani anamva mpando ukukwekwereka, ndi mawu apansipansi oti, "Mayo ine!" Sanamvepo bamboyo akulankhula choncho.

"Mwezi uno? Mvula yonse ija? Tatsegulani choyezera cha kumtunda, mayi. Tsegulani tione limodzi."

Kumtunda kwenikweni, kumene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri awiri, kampani inazika kamlongoti ka sola kokhala ndi choyezera madzi, koti kazichenjeza madzi osefukira asanafike pakhoma. Nabatani anatsegula tsamba lake. Mzere wa kumeneko sunali kutsika ayi. Unali utayamba kukwera m'mawa womwewo, kukwera mowongoka ngati makwerero, kudutsa mzere wofiira wa ngozi, kudutsa pamene unalekezapo chaka cha madzi ambiri. Kenaka unaduka. Kamlongotiko kanali katasiya kutumiza chilichonse.

"Kumtunda akukwera, kuno kulibe," anatero Nabatani. "Ndiye kuti pakatipa pali chatseka."

"Phiri lagumukira mumtsinje," anatero injiniya. "Madzi onse akuunjikana kuseri kwa dothilo, ndipo kamlongoti kathu kamira. Dothi si simenti, mayi. Liphulika."

"Liti?"

"Palibe angadziwe. Mwina mawa. Mwina tisanamalize kulankhulaku. Ine ndikuyimbira apolisi ndi anthu a kumunsi. Inu tsekani geti, lizani sailini, tulukanimo m'nyumbamo. Mwandimva? Tulukanimo."

Nabatani anadina batani lotsekera geti. Pa sikirini kachithunzi ka geti kanayamba kutsika, kanatsika mpaka pakati, n'kuima. Anadinanso. Kanathwanima chofiira: chinachake chinali chitapinga pansi pake. Anabwerera pa kamera kuti aone chapingacho, ndipo zimene anaona zinamuiwalitsa za geti.

Mumtsinje munali anthu.

Anali akutsika mbali zonse ziwiri, amayi ndi mabeseni, abambo ndi matumba, ana ali chothamanga patsogolo. M'tizithaphwi monse nsomba zinali kuphiriphitha, zazikuluzikulu zimene mbedza inkazilephera zaka zonsezi, ndipo anthu ankangotola ndi manja. Pakati pa mtsinje, pamene dzulo lake ng'ombe ikanakokoloka, panali mayi wa mpango wachikasu kumutu, atawerama pa beseni. Anali achemwali ake. Chapafupi pawo panali a Chipeso, buluku atapinda mpaka m'maondo, wailesi atayisiya pakhoma.

Analiza sailini. Kamera inalibe mawu, koma anaona mitu yonse ikudzuka nthawi imodzi. Anthu anayang'ana kumlongoti wa sailini, anayang'ana kumtunda kouma, n'kuweramanso. Sailiniyo ankayidziwa. Inkalira kampani ikamatsuka mchenga pakhoma, ndipo madzi ake ankangolekeza m'maondo. Mnyamata wina anatembenukira ku kamera, n'kukweza nsomba m'mwamba akuvina.

"Alamu! Alamu, tengani wailesi!" Wailesiyo inangokhala pakhoma paja. Foni ya achemwali ake inaitana mpaka kuduka.

Panja panamveka njinga yamoto. Chitseko chinatseguka osagogoda, ndipo analowa mwini chigayo cha pamsika, chimunthu chachikulu, nsidze zili mbuu ndi fumbi la chigayo.

"Mayi, mwadina batani lolakwika lero? Anthu andidzadzira pakhomo, makina aima zinthu zili m'kamwa. Kodi kampani yanuyi..."

Anasiyira pomwepo ataona nkhope yake. Nabatani anawakoka dzanja n'kuwaimika pa sikirini. Anawalozera mzere wokwera uja, anawalozera anthu aja, ndipo m'mawu ochepa anawauza chimene chinali kuseri kwa phiri. Mwini chigayo anayang'ana, kukamwa kuli yasa.

"Mlongo wanga ali mmenemo," anatero. "Uyo wanyamula ndowayo."

"Lizani njingayo."

Anasiya sailini ikulira, anatenga foni ndi wailesi, n'kukwera kumbuyo. Msewu wopita kukhoma unkatsata ngalande, ndipo unali woterera ngati sopo. Kawiri konse njinga inapita chammbali, mwini chigayo n'kuichirikiza ndi phazi akutukwana. Pansi pa ngalandeyo, m'munsi mwa phiri, Nabatani ankaona madenga a nyumba za antchito, ndi zovala za ana a achemwali ake zili pachingwe.

Kukhoma kunali fungo la matope ndi nsomba, ndi chisangalalo chonga cha paukwati. Sailini inkalira pamwamba pa mitu yawo koma anthu ankangokweza mawu kuti amvane. Nabatani anaima m'mphepete n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Tulukanimo! Madzi akubwera! Phiri latseka mtsinje kumtunda, liphulika!"

Amene anali pafupi anadzutsa mitu.

"Madzi ake ati, mayi? Mukuwaona inu?"

"Mulungu wapatsa, Nabatani akuletsa!"

"Akufuna adye okha akampani. Nsombazi n'zanunso?"

Anthu anaseka. Mwini chigayo anali atatsikira kale kwa mlongo wake, akumulanda ndowa, mlongoyo akukana. Nabatani anatsika nayenso. Phazi loyamba linamira mpaka mu akakolo, ndipo polizula nsapato inatsalira momwemo. Anayenda choncho mpaka pamene panali achemwali ake.

"Wabwera bwino iwe," anatero achemwaliwo osadzuka n'komwe. "Gwira uku, beseni lalemera."

"Achemwali, tiyeni tituluke. Chonde. Madzi akubwera."

"Akabwera tiwamva. Gwira uku ndati."

"Simuwamva! Alamu, inu mukudziwa zimenezi, mwasiyiranji wailesi?"

A Chipeso anayang'ana kumbali, nsomba ikupalapata m'manja. "Ndimati nditoleko ziwiri zokha, mlamu. Kumtundako kwatani kodi?"

"Iwe," anatero achemwali ake, tsopano ataweramuka, "ndinakubereka kumsana ine. Sukulu yakoyo usandiphunzitse nayo mtsinje. Ana anga adye lero."

Nabatani anagwira beseni lija m'mphepete n'kuligubuduza. Nsomba zonse zinakhuthukira m'chithaphwi.

Amene anaona anangoti kakasi. Achemwali ake anayang'ana nsombazo, anamuyang'ana iye, kenaka mbama inalira kuti phwa! Khutu la Nabatani linachita zii. Chibadwire achemwali ake anali asanamumenyepo.

Sanalire. Anatembenuka, anathamanga chogwaigwa mpaka pakhoma, anakwera makwerero a simenti n'kuima pamwamba pomwe aliyense angamuone. Anakweza wailesi m'mwamba, chala chili pa batani.

"Tamverani nonse! Magetsi azima aja mukuganiza apita kuti? Ali m'mawaya a pansi pa matope amenewa! Ndikadina apa, aliyense amene phazi lake lili m'matope auma gwa ngati chikuni! Ndikudina!"

Linali bodza lamkunkhuniza. Pansi pa mtsinje panalibe waya ngakhale mmodzi. Koma phokoso linatsika. Anthu anayang'ana mapazi awo.

Mwini chigayo, amene ankadziwa bwino za magetsi, anamuyang'ana kamodzi n'kugwira nkhani. "Zoona zimenezo!" anakuwa. "Ndinaonapo ine ndi maso angawa! Ng'ombe inauma choimirira, udzu uli kukamwa!"

"Ndikudina!"

Mayi wina anakuwa n'kutaya beseni. Zitatero anthu onse anabalalika. Anakwera magombe chokwawa, akukokana, akunyamula ana m'khwapa, matumba akung'ambika. Nabatani sanawasiye m'mphepete. Anawapirikitsa ndi wailesi ija ngati munthu wonyamula njoka, mpaka onse a tsidya lino anafika pamsewu wa pamwamba, ndipo a tsidya linalo anakwera kumunda wa pachitunda.

Kenaka anadikira.

Palibe chinachitika. Dzuwa linkawala. Pansi paja nsomba zinkaphiriphithabe, ndipo akhwangwala ndi akakowa anayamba kutera n'kumadya mwaufulu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati mbalamezo bwanji sizikuuma. Wina anati mayi ameneyu wapenga ndi makompyuta. Achemwali ake anakhala pamwala atamufulatira. Tsaya la Nabatani linkatentha, ndipo mumtima anayamba kudzifunsa ngati iye ndi injiniya sanawerenge molakwa mizere ija.

A Chipeso anamuyandikira akupukuta manja m'buluku. "Mlamu, getilo mwalisiya pakati."

"Lakana. Pali chapinga."

"Ndi chipika, ndachiona. Madzi amenewo akalowa onse m'ngalande, ngalande iphulikira panyumba zathu paja. Ana ali pakhomo."

"Tituma munthu akawachotse. Bwana anati..."

"Nyumba nazo tichotse? Ndikangochikankha ndi reki ndipukusa ndi manja. Sindichedwa."

"Alamu, ayi!"

Anali atapita kale. Anatsika kanjira, anayenda pamwamba pa simenti mpaka pageti, anthu akuwaloza. Anakankha chipika chija mpaka chinagwera mkati, kenaka anagwira chigudumu chopukusira geti ndi manja awiri n'kuyamba kuzunguza. Getilo linkatsika pang'onopang'ono, mwaulesi wake wa masiku onse.

Mbalame zonse zinauluka nthawi imodzi.

Kuchokera kumtunda kunabwera mphepo yozizira, yonunkha dothi lokumba kumene ndi mizu yothyoka. Inagwedeza zovala za anthu. Kenaka Nabatani anamva msewu ukunjenjemera pansi pa phazi lake lopanda nsapato. Phokoso linabwera pambuyo, longa la malole ambirimbiri otsika phiri mabuleki ataduka.

"Abamboooo!" Achemwali ake anali ataimirira pamwala paja, manja ali kumutu. "Abambo, thawani!"

Chimene chinatulukira pokhota mtsinje sichinaoneke ngati madzi. Chinali chikhoma chofiirira, chachitali kuposa mlongoti wa sailini, ndipo patsogolo pake mitengo yathunthu inkabwera choimirira, masamba ali obiriwira, kenaka n'kugwa n'kumezedwa. Mkati mwake miyala yaikulu ngati nyumba inkagundana kuti gu! gu! mpaka kumveka m'chifuwa. Pamsewu palibe anakuwanso. Mayi wina anangokhala pansi pomwepo. Mwini chigayo anagwira mlongo wake pamutu n'kumukanikizira pachifuwa kuti asaone.

A Chipeso anazunguza chigudumu kamodzi kena. Anadzutsa mutu. Nabatani anawaona akusiya chigudumucho, akutembenuka, akudumphira mbali ya ngalande. Kenaka pamalo ponsepo panalibe kanthu. Khoma, makwerero, kamera, mlongoti, zonse zinalowa pansi pa matope othamanga. Sailini inadukira pakati pa kulira.

Pamene anthu ankatola nsomba paja, madzi anali kuwira kufika m'nthambi za mitengo ya m'mphepete. Mabeseni anaonekera kamodzi akuzungulira, n'kusowa.

Achemwali ake anayamba kuthamangira kumadziko. Nabatani anawagwira m'chiuno ndipo onse awiri anagwa pansi.

"Ndisiye! Ndisiye ndikafe nawo!"

"Adumphira m'ngalande! Ndawaona! Achemwali, ndawaona, tiyeni kungalande!"

Geti lija linamangidwa m'mphako ya thanthwe, ndipo a Chipeso anali atalitsitsa kutsala pang'ono. Madzi amene anapyola pansi pake ndi amene anadumpha pamwamba anadzaza ngalande mpaka m'milomo, akuthamanga ndi thovu lofiira, koma makoma ake anapirira. Anthu anathamanga m'mbali mwake akuitana. "A Chipeso! A Chipesooo!" Ankaona nthambi, ankaona zipika, mtima n'kudumpha, kenaka ayi. Anapeza nsapato imodzi ya jombo itakodwa pa chitsulo. Achemwali ake anainyamula n'kumathamanga nayo ataikumbatira.

Chapakati pa ulendo wake, ngalandeyo inali ndi potayira madzi akachuluka, pomwe khoma linafupikitsidwa dala kuti osefukira azitsikira kukhwawa. Pansi pa potayirapo panali nthochi zowirira. Mlongo wa mwini chigayo ndi amene anaona dzanja.

Anawapeza atapanikizika pakati pa mitengo iwiri ya nthochi, madzi akuwadutsa pamsana. Malaya analibe. Thupi lonse linali lofiira ndi dothi moti sankadziwika kuti nkhope ili mbali iti mpaka pamene anatsegula maso. Amuna angapo anagwirana manja kupanga chingwe n'kuwakoka. Dzanja lamanzere linali litapindika pamalo posapindika. Anasanza madzi ndi mchenga, anasanzanso, kenaka anangokhala ali tong'o, akuyang'ana anthu ngati sakuwadziwa.

"Abambo, ndine. Mukundiona? Lankhulani, abambo."

Sanayankhe. Mano okha ndi amene ankagundana.

Anawanyamula pa chitseko chimene wina anazula panyumba yapafupi. Ali m'njira yopita kuchipatala anafika pathanki, pamene chipaipi chimayambira kutsika. Kuchokera pamenepo nyumba ya makina imaoneka yonse pansi. Nabatani anasuzumira, n'kuima.

Madzi ankalowera pawindo limene anatsegula m'mawa uja n'kumatulukira pakhomo. Denga linali litatukuka mbali imodzi, likugwedera ngati chivundikiro cha poto wowira. Akuyang'ana choncho, khoma la chipinda chake linapendekeka pang'onopang'ono, n'kugona m'madzi popanda ngakhale phokoso lomveka pamwamba pa mkokomo uja.

Mwini chigayo anaima pambali pake, akupuma mwabefu. Anayang'ana pansipo, anayang'ana Nabatani.

"Ndikanapanda kubwera kudzakulalatirani..." anatero, koma sanamalize.

Apa m'pamene Nabatani anamva kuti m'thumba mwake foni ikunjenjemera. Inali itaitana kambirimbiri. Anayankha.

"Halo? Halo! Ndani ameneyo?" Mawu a injiniya anali osweka.

"Ndine, bwana."

Bamboyo anapuma kamodzi mokoka, kenaka Nabatani anamva munthu wamkulu akulira ngati mwana, pa foni, mu ofesi ya mtauni.

"Zonse zinathima kuno nthawi imodzi," anatero atapezako mpweya. "Sailini inali ikulirabe, ndiye ndimati muli momwemo mukudina. Ndimati ndakuphani ine. Anthu aja?"

"Atuluka. Alamu avulala koma ali moyo."

"Atuluka onse? Munawauza chiyani?"

"Ndidzakuuzani, bwana. Kumunsi bwanji?"

Injiniya anamufotokozera. Apolisi anali atafika m'midzi ya m'mphepete n'kuchotsa anthu. Koma pamlatho wa kumunsi panali lole imene inalowa mumtsinje kukapakira mchenga madzi atangouma, ndipo eni ake anakana kuisiya. Mlathowo panalibenso. Za anthu a lole ija palibe ankadziwa.

Kuchipatala kunalibe magetsi, ndipo anamwino ankagwira ntchito zitseko zili zotsegula kuti kuwale. A Chipeso anawalowetsa mkati. Nabatani anakhala pabenchi ya pakhonde, wailesi ikadali m'dzanja. Anayesa kuiika pansi koma zala zinakana kutambasuka. Anthu amene ankatola nsomba aja anali atadzaza pabwalo, matope ataumira m'miyendo, ndipo palibe ankalankhula mokweza. Ena ankabwera, kumuyang'ana, n'kubwerera. Bambo amene ananena kuti akampani akufuna kudya okha anafika pafupi, anavula chipewa, anatsegula pakamwa, kenaka anangovalanso chipewacho n'kuchoka.

Patapita nthawi achemwali ake anatuluka, jombo ija ikadali m'khwapa. Anakhala pambali pake. Anamugwira chibwano n'kutembenuza nkhope yake kuti aone tsaya.

"Patupa," anatero.

"Sipakupweteka."

Anayang'ana pansi. "Nanga mapaziwa?"

Nabatani anayang'ana nayenso. Nsapato inayo sankadziwa kuti inatsala kuti. Mapazi onse awiri anali ong'ambikang'ambika, magazi atasakanikirana ndi dothi, ndipo iye sanamve kalikonse njira yonseyo. Achemwali ake anadzuka, anakapempha madzi ndi kansalu kwa anamwino, anagwada pasimenti n'kuyamba kumutsuka. Atamaliza anamutambasula zala chimodzichimodzi mpaka wailesi inachoka.

Injiniya anafika tsiku lotsatira wapansi, atazungulira njira ya kuphiri. Lole ija inapezeka kutali, itakwiririka mpaka m'mawindo. Mwa anthu ake, mmodzi anapulumukira mumtengo, enawo anawapeza atafa patapita masiku. Madzi ataphwera, mtsinje unali utasintha njira, ukuyenda pamene kale panali munda wa munthu, ndipo pamene panali khoma panangotsala zitsulo zopindika zotuluka m'thanthwe. Za mawaya a pansi pa matope Nabatani anauza anthu poyera kuti linali bodza, koma ambiri sanamukhulupirire. Mpaka chilimwe amayi ankakachapa kutali, ndipo ana akafika pamalopo ankadumpha mwala ndi mwala osaponda pansi.

A Chipeso anakhala masiku angapo osalankhula. Ankadya akawapatsa, ankatembenuka akawatembenuza, maso ali kudenga. Dokotala anati mutu uli bwino, tingodikira. Masana ena Nabatani ndi achemwali ake atakhala m'mbali mwa bedi, namwino analowa n'kutsegula mpopi wa pakona kuti asambe m'manja. Madzi analira m'sinki yachitsulo. A Chipeso anadzidzimuka, anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja labwinolo mpaka bedi lonse linagwedera.

"Tsekani," anatero, mawu ali okhakhala ngati mchenga ukadali pakhosi. "Chonde, tsekani madziwo."

Namwino anatseka msanga, manja akadali ndi sopo. Achemwali ake anaphimba kukamwa ndi mpango. A Chipeso anapuma kwa kanthawi, kenaka anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka anapeza nkhope ya mkazi wawo.

"Ana ali kuti?"

"Ali kunyumba, abambo. Nyumba ilipo. Onse ali bwino."

Anatseka maso. Misozi inatsika m'mbali n'kulowa m'makutu, ndipo mkazi wawo anaipukuta ndi chala.